Ndavala kachipangizo ka BP kaja, nazi zomwe ndaona

Sabata yatha ndinafunsa ngati n'zotheka kugulitsa usipa wanga pamsika wa Mangochi nditavala kachipangizo koyeza BP (kuthamanga kwa magazi) tsiku lonse. Ndayesa, abale, ndipo n'zotheka, koma pali zake.

Adokotala anandimanga lamba pamkono wakumanzere, kapaipi kodutsa m'kati mwa bulauzi, kabokosi m'chiuno pansi pa chitenje. Kwa maola 24 lambayo amafufuma yekha, masana pa mphindi 30 zilizonse, usiku pa ola lililonse. Akayamba kufinya umangoima njo, mkono osagwedeza. Nthawi ina anandigwira ndikupereka chenji, kasitomala mpaka anafunsa kuti, "Mayi, mwatani kodi?" Chowawa kwenikweni ndi dzuwa la kuno kunyanja. Thukuta pansi pa lamba, kuyabwa, kusamba ayi, poti kabokosika sikagwirizana ndi madzi. Za tulo musafunse.

Zotsatira ndiye zinandidabwitsa. Kuchipatala ndimapezeka ndi 155/95, koma avareji ya masana inali 128/80, pansi pa 135/85 pomwe madokotala amayambira kuda nkhawa. Akuti mantha a kuchipatala ndi amene amandikwezera BP. Mankhwala sanandipatse, angoti ndichepetse mchere m'ndiwo, ndipo ndidzapitenso akandiyeze.