Wotchi ya GPS: ndigule kapena foni ikukwanira?

Tadala: Abale a m'gulu, ndithandizeni nzeru. Ndikukonzekera half marathon, makilomita 21.1 aja, ndipo ndimathamanga foni ili m'manja, Strava, pulogalamu yojambula mtunda ndi nthawi, itayatsidwa. Mtima uli pa wotchi ya Garmin Forerunner 55. Ndigule, kapena ndikungotengeka poona anzanga atavala?

Mphatso: Achemwali, tembenuzani kaye nsapato zanu muone kunsi. Nsapato zothamangira zimatha mphamvu zikayenda makilomita 500 mpaka 800, ngakhale pamwamba zikuoneka zatsopano. Wotchi siiteteza bondo. Ndalamayo ipite ku nsapato.

Chikondi: Za nsapatozo sinditsutsa. Koma tsiku la ma interval, kuthamanga mwamphamvu mosinthana ndi kupuma, ndi pomwe foni imaonetsa khalidwe lake. Mphunzitsi wati mamita 800 mwamphamvu, mphindi ziwiri kupuma, kubwereza kasanu. Thukuta lanyowetsa sikirini, chala chikungotsetsereka, iwe uli wefuwefu kufunafuna batani. Wotchi umaiuziratu uli kunyumba, ndiye nthawi yosintha ikakwana imangonjenjemera pamkono. Sukweza n'komwe dzanja.

Mphatso: Pa bwalo la mamita 400 GPS ya chiyani aise? Mizere ilipo kale. Komanso pokhota imanama mtunda.

Chikondi: Forerunner 55 ili ndi gawo lotchedwa Track Run la vuto lomwelo, umangoiuza mzere womwe ukuthamangamo. Nanga tonse timaphunzirira pa bwalo? Ena tili m'misewu.

Yamikani: Ife a njinga tilankhulepo? Pa njinga wotchi ndi yovuta, sungamatembenuze mkono uli pamtsetse. Timamangirira kakompyuta pa handulo, ngati Garmin Edge. Chomwe ndinganene n'chakuti foni ikamagwira GPS ulendo wautali, sikirini ili choyaka, batire imatha msanga. Tayala likaphulika uli kutali ndi anzako, foni yozima siikuitanira munthu.

Thoko: Mayi Tadala, funso ndi limodzi: mukufuna kuyeza chiyani? Ngati ndi mtunda ndi nthawi, foni ikukwana, ndipo Strava idzakuonetsani njira zomwe ena amadutsa posatengera mwajambula ndi chiyani. Ngati ndi kugunda kwa mtima, dziwani kuti kakuwala kobiriwira ka kunsi kwa wotchi kamachedwa mukathamanga mwadzidzidzi, makamaka kukazizira kapena lamba wa wotchiyo akakhala wokhwepa. Lamba wa pachifuwa amayeza molondola kuposa, ndipo amalumikizana ndi foni pa Bluetooth.

Chikondi: Lambayo amakhula khungu pa ulendo wautali, musabise.

Thoko: Mukamanga mothina kwambiri, inde. Pakani vaselini m'mphepete mwake.

Tadala: Nsapato ndaziona, chidendene chadyeka mbali imodzi, ndiye izo ziyamba. Koma ma interval akundisautsadi. A Chikondi, mungandibwereke wotchi yanuyo tsiku la maphunziro ndiyesere ndisanagule?

Chikondi: Palibe vuto. Koma muchotse kaye akaunti yanga, makilomita anu asalowe kwa ine.