Ndingateteze bwanji nyama ya nkhuku ku Salmonella ndi Campylobacter?

Akuluakulu, makamaka alangizi a ziweto ndi a zaumoyo, ndikupempha nzeru zanu. Ndimaweta nkhuku za nyama ndipo ndimazigulitsa zososolasosola, choncho ukhondo wa nyamayo uli m'manja mwanga. Mabakiteriya a Salmonella ndi Campylobacter, tizilombo tomwe timadwalitsa anthu m'mimba, amatha kukhala m'matumbo a nkhuku yooneka yathanzi, ndipo amafika pa nyama matumbo akabooka potumbula, kapena nkhuku zambiri zikaviikidwa m'ndowa imodzi ya madzi otentha mpaka madziwo atada ndi zitosi ndi nthenga.

Kodi madzi ososolera amenewa ayenera kusinthidwa pakadutsa nkhuku zingati, ndipo mpeni ndi thabwa lodulirapo zitsukidwe ndi chiyani pamene ntchito ili mkati? Magetsi akazima usiku wonse, nyama n'kusungunuka mufiriji, kodi ingagulitsidwebe? Kuphika mpaka mkati mwa nyama mutafika madigiri 75 kumapha tizilomboti, koma ine sindidziwa m'mene wogula aliyense akaphikire kwawo.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chizolowezi chothira maantibayotiki m'madzi a anapiye osadwala, chifukwa mankhwalawa amaphanso mabakiteriya abwino a m'matumbo omwe amalimbana ndi oipawo. Kodi pali njira ina yodalirika yotetezera anapiye popanda mankhwalawa?