Mabisiketi olembedwa "gluten free" andidwalitsanso, kodi ndi ine ndekha?

Mphunzitsi_Ngabu:
Abale, ndithandizeni maganizo. Chaka chatha ku Blantyre anandipeza ndi matenda a celiac, atandiyeza magazi kenako n'kundilowetsa kapaipi ka kamera kukhosi mpaka m'matumbo. Anandiuza kuti ndisiye chilichonse cha tirigu ndi barele, chifukwa muli puloteni yotchedwa gluten imene imawononga matumbo a munthu wa matendawa. Buledi ndinasiya, mandazi ndinasiya, ngakhale sikono ya pa tiyi kusukulu ndimangoiyang'ana anzanga akudya. Mimba inakhala pansi, magazi anabwerera m'thupi.

Loweruka lapitali alamu anga anandibweretsera mabisiketi ndi phala la oats kuchokera m'sitolo ina ya m'tauni, zonse zolembedwa kuti "gluten free". Za mtengo musandifunse, inali nkhuku yathunthu ya pamsika wa Ngabu. Lamlungu m'mawa ndinadya zonse ziwiri. Pofika madzulo mimba inali itafufuma ngati ng'oma, usiku wonse ulendo wakuchimbudzi, ndipo Lachiwiri tizilonda toyabwa timene tinkandivuta kale tinabwereranso m'zigongono. Ndi thukuta la kuno mukudziwa mmene timapwetekera. Kodi amene amalemba mapaketiwa amatinamiza?

Namwino_wopuma_Nchalo:
Pepani kwambiri amayi. Mawu amenewo satanthauza kuti mulibiretu gluten. Muyezo wa Codex, umene mayiko ambiri amatsata, umalola kulemba choncho ngati gluten sakupitirira mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi ya chakudya. Ndiye paketi ya magalamu 200 ikhoza kukhala ndi mamiligalamu ofika 4. Odwala ambiri izi siziwachita kanthu, koma alipo ena amene matumbo awo amamva ngakhale kochepa chonchi.

Koma ine ndikukayikira kwambiri oats. Mbewu imeneyi kawirikawiri imalimidwa, kukololedwa ndi kugayidwa ndi makina omwewo a tirigu. Komanso ili ndi puloteni yakeyake yotchedwa avenin, imene anthu ochepa a celiac imawavuta ngakhale oats akhale oyera bwanji. Inu mwadya zinthu ziwiri zatsopano tsiku limodzi, ndiye wolakwa simungamudziwe. Tembenuzani paketiyo muwerenge timalemba tating'ono takumbuyo. Mukaona mawu oti "malt", ameneyo nthawi zambiri ndi barele. Ndipo "wheat free" ndi nkhani ina, si chimodzimodzi ndi "gluten free". Mukabwerera kwa adokotala tengani mapaketi onse awiri, musataye.

Bambo_wa_ku_Bangula:
Mayi a kunyumba kwanga ali ndi vuto lomweli, chaka chachinayi tsopano. Ife tinkalimbana ndi mapaketi pomwe mdani anali pachiwaya. Anyamata ena m'mawa amakazinga mandazi, masana m'mafuta omwewo akuponyamo tchipisi. Zitumbuwa nazo musazikhulupirire, alipo amene amathiramo fulawa pang'ono kuti zifewe, ndipo mukawafunsa amati ndi chimanga ndi nthochi basi. Si bodza ayi, iwo fulawa wa supuni ziwiri samamuwerengera. Masoya pisi ndi timapaketi tokometsera ndiwo, werengani kaye.

Kwathu tinagula sefa, mthiko ndi chipande zawozawo. Ana akadya buledi amadyera panja, majarini wawo ndi wapadera chifukwa cha mpeni umene umabwerera m'chitini uli ndi nyenyeswa.

Ine ndimadabwa nanu aphunzitsi, kuthamangira zakudya zodula za m'tauni muli ku Ngabu, kwawo kwa mapira ndi mchewere! Nsima ya mapira, mpunga, mbatata, nandolo, mlamba wa m'dambo, thobwa la chimera cha mapira lophika nokha, zonsezi mulibe gluten n'kamodzi komwe.

Mlongo_wa_ku_Makhanga:
Osaiwalanso madzi. Chichokereni namondwe wa Freddy mu 2023 zitsime zina kuno sizinabwerere mwakale. Kutsekula m'mimba kukapitirira kayezetseni chimbudzi, mwina ndi tizilombo chabe. Pakadali pano imwani Thanzi ORS, dzuwa la mwezi uno silichedwa kuumitsa munthu.

Mphunzitsi_Ngabu:
Zikomo nonse. Achemwali a ku Makhanga, madzi timathira mankhwala ndipo ana sanadwale, komanso tizilonda ta m'zigongonoti ndimatidziwa bwino, timabwera ndi tirigu basi. Amayi a ku Nchalo, ndawerenga. Pa mabisiketi palibe "malt", koma pa oats pali timalemba toti amapakidwira pamalo pomwe pamadutsanso tirigu, pomwe kutsogolo alemba zina ndi zilembo zikuluzikulu.

Koma inu bambo a ku Bangula mwandigwira. Loweruka lomwelo podikira alamu pasiteji ndinagula tchipisi, ndipo ndikukumbuka beseni la mandazi lili pambali pa chiwayacho. Ndiye okayikiridwa akwana atatu. Oats ndapatsa ana. Mabisiketi ndawabisa pamwamba pa kabati, ndidikira masabata atatu mimba ikhale bwino, kenako ndidzadye imodzi yokha tsiku lopanda sukulu. Za mapirazo musandinyoze, thumba lilipo m'nyumba, kungoti munthu nthawi zina umalakalaka kanthu konyika mu tiyi.