Khitchini yathina, tichotse chiyani?

Mlongo Watsopano: Mwaswera bwanji akuluakulu. Ndipempheko nzeru. Chipinda chomwe ndikuchita lendi chili ndi kakhitchini ka kabati imodzi yokha, firiji timagawana anthu anayi. Katundu wandichulukira moti anyezi ndikumadulira pa mpando. Ndikuganiza zogula makontena mwezi ukatha, kodi abwino ndi ati?

Mayi wa Mapasa: Musagule kaye achemwali. Kontena nayonso ndi katundu, imafuna malo ake. Tsiku lomwe simukupita kuntchito, tulutsani zonse za m'kabatimo muyale pansi, kabati ikhale mbee, muipukute. Kenako muzinyamula chimodzichimodzi n'kudzifunsa kuti chimenechi ndinachigwira liti. Chomwe mumachigwira tsiku lililonse chibwerere pa shelefu yomwe dzanja limafika osanyang'ama. Cha apo ndi apo chipite pamwamba. Chomwe simukukumbukira n'komwe, chisabwereremo. Mukatero ndiye muone ngati makontena akufunikadi.

Mlongo Watsopano: Vuto ndi mapoto mayi. Madamu omwe ndimawagwirira ntchito akasintha zinthu zawo amandipatsa zakale, ndipo kukana ndimachita manyazi. Ndimati ndidzapita nazo kumudzi.

Malume Dalaivala: Eee, osataya! Poto ndi chuma. Ine ngakhale mabotolo a mafuta ndimasunga, tsiku lina adzagwira ntchito.

Mayi wa Mapasa: Amalume, "tsiku lina" lanulo ndi lomwe limatipangitsa kulipira galimoto yaikulu posamuka. Sindikuti ataye ayi. Koma zopita kumudzi si za m'khitchini. Zitsukeni, ziume bwinobwino, mulowetse yaing'ono mu yaikulu, muike m'chikwama n'kukankhira kunsi kwa bedi. Musankhenso. Poto wosamatirira uja akayamba kusupuka mkati, ngakhale akumudziwo sakathokoza. Munthu mmodzi akwanitsa ndi mapoto awiri ndi felempani imodzi.

Malume Dalaivala: Nanga kukabwera alendo?

Mayi wa Mapasa: Mubwereka kwa aneba, kapena mutsegula chikwama chija.

Achimwene a ku Lesitilanti: Ine ndinene za zakudya, poti n'zomwe amatikalipira nazo kuntchito m'mawa uliwonse. Chatsopano chipite kumbuyo, chakale chibwere kutsogolo. Anthu ambiri akabwera kogula amangoponya kutsogolo, chakumbuyo chija n'kukhala chaka. Muwerengenso madeti pa paketi, chifukwa ali mitundu iwiri. Pakalembedwa "use by", tsikulo likadutsa musadye, ngakhale chikuoneka bwino komanso sichikununkha. Zimenezi zimakhala pa nyama, nsomba ndi zina zosachedwa kuwonongeka. Pakalembedwa "best before", monga pa mpunga, shuga kapena zam'chitini, tsikulo likadutsa kukoma n'komwe kumachepa, koma ngati paketi sinabooke mukhoza kudya. Ndimaona anthu akutaya mpunga wabwinobwino koma akusunga soseji yakupha. Chitini chokha chikatupa kapena kuchita dzimbiri kwambiri, tayani osatsegula.

Anti a Usiku: Ndangoweruka kumene, ndawerenga zonse. Za firiji ya anthu anayiyo ndiye nkhani imene imadanitsa anthu. Khalani pansi mugawane, aliyense shelefu yake kapena basiketi yake, mulembe dzina ndi deti pa tepi. Koma shelefu ya pansi penipeni isakhale ya munthu. Ikhale ya nyama yaiwisi ya nonse, yotsekeredwa bwino, kuti madzi ake asadonthere pa chakudya chophika. Firiji izikhala pa madigiri 5 kapena kutsika, mbali youmitsa ija pa -18. Ikadzaza thothotho mpweya wozizira suzungulira, ndiye zinthu zimawonongeka firiji ikulira.

Mlongo Watsopano: Zotsala zimakhala masiku angati Anti? Pali mbale ina yakhala sabata, mwini wake sakudziwika.

Anti a Usiku: Kuntchito kwathu, kosamalira okalamba, sitidutsitsa masiku awiri. Mpunga wophika ndi tsiku limodzi basi, ndipo uzilowa m'firiji ukangozizira, osati kugona pa sitovu. Mbale ya sabatayo jambulani, mutumize kwa anzanuwo, munene kuti mawa madzulo ikupita m'bini. Musataye mwakachetechete, mudzaoneka wamwano.

Achimwene a ku Lesitilanti: Chitini chotsegula musachiike m'firiji momwemo, khuthulirani mu kontena. Apa ndiye pamene mabotolo a amalume angathandize, agalasi okhala ndi zivundikiro zake.

Malume Dalaivala: Mwaona! Ndinanena ine.

Mayi wa Mapasa: Atatu kapena anayi amalume, osati thumba lonse. Ndipo kontena yopanda chivundikiro, chivundikiro chopanda kontena, zonsezo kunja. Makatoni nawonso. Mphemvu zimakonda katoni ngati nyumba ya makolo, zimabisala m'timipata take n'kuikira mazira momwemo. Mungapopere mankhwala mpaka kutopa, ngati kunsi kwa sinki kuli makatoni ndi paipi yodontha, zibwerera.

Mlongo Watsopano: Mu ufa ndinapezamo anankafumbwe, koma paketi inali yosatsegula.

Achimwene a ku Lesitilanti: Nthawi zambiri mazira amabwera ali momwemo kuchokera kogula. Mukagula ufa kapena mpunga, ikani mbali youmitsa ija kwa sabata, kenako mu botolo lotseka. Muzigula wokwana mwezi, thumba lalikulu m'kachipinda kotentha mukudyetsa tizilombo. Zokometsera ndi mafuta zisakhale pafupi ndi sitovu, kutentha kumachotsa fungo ndipo mafuta amasasa msanga. Mbatatesi ikhale pamdima, ikaona kuwala imabiriwira, ndipo pobiriwirapo si pabwino kudya.

Mnyamata Wamagetsi: Pepani ndilowerereko makolo. Mukamakonza malo, muonenso mawaya. Ndimalowa m'zipinda zambiri, ndimapeza ketulo, microwave ndi kasitovu zonse pa ekisitenshoni imodzi, itagona pafupi ndi sinki. Ketulo yokha imatha kukoka magetsi ambiri, ma watts 2000 kapena kuposa, ndiye zonse pamodzi zimailemera ekisitenshoni. Chilichonse chotenthetsa chilowe pa soketi ya pakhoma, kapena muziyatsa chimodzi nthawi imodzi. Pulagi ikamatentha kapena kuda, siyani. Amene mukuphikira gasi, silinda iime chilili, pamalo popita mphepo, kutali ndi katani. Mafuta akayaka m'poto osathira madzi. Zimitsani sitovu, vundikirani.

Anti a Usiku: Mwandikumbutsa za kunsi kwa sinki. Mankhwala otsukira akhale okhaokha, m'mabotolo awo enieni, osati m'botolo la zakumwa. Bleach, mankhwala oyeretsera aja, musasakanize ndi viniga kapena mankhwala a m'chimbudzi, umatuluka mpweya woopsa womwe umawotcha m'mapapo, makamaka m'kakhitchini kopanda windo. Izi ndikuuzanso inu ogwira ntchito m'nyumba za mabwana.

Mlongo Watsopano: Ndamva. Nanga ndikhome misomali pakhoma kuti ndizipachika zikho ndi masupuni aakulu?

Mayi wa Mapasa: Ayi, landilodi adzadula dipoziti potuluka. Gulani timahuku tomata, koma tizinyamula zopepuka zokha. Mkati mwa chitseko cha kabati ndi malo abwino a zivundikiro. Chinanso, zomwe munazipeza m'nyumbamo si zanu, ngakhale zikhale zonyansa bwanji. Jambulani, ikani m'thumba limodzi pamwamba pa kabati, mudzabweze momwe zinalili. N'chimodzimodzi kwa madamu. Akakuuzani kuti mukonze khitchini yawo, zotaya muunjike pa tebulo aone okha, musasankhire.

Malume Dalaivala: Zomwe muchotsezo musaponye m'bini mlongo. Pali anyamata awiri angofika kumene, akudyera pa chivundikiro cha poto. Loweruka ndidutsa cha kwanuko.

Mlongo Watsopano: Zikomo amalume, mupeza mapoto atatu ndi mbale zili m'thumba. Koma zikafike kwa anyamatawo, zisakathere kwanu.

Malume Dalaivala: Poto mmodzi yekha ndiona kaye ngati ali bwino.