Wosewera mmodzi, amuna awiri pakhonde: mzere ukuoneka pakati

Wojambula wa ku Bangula:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Tikujambula sewero la pa TV la nkhani ya m'tsogolo. Muli makina owolotsa anthu pa Shire popanda bwato: umalowa m'kachipinda ku Bangula kuno, n'kutulukira ku Makhanga. Usiku wa chigumula makinawo asokonezeka, ndipo bambo wina amene analowa yekha atulukira mbali zonse ziwiri, wina tsidya lino, wina tsidya lija. Usiku womwewo mkazi wake apita ndi madzi. Madzi ataphwa, amuna awiriwa akumana pakhonde kwa apongozi. Aliyense akukumbukira tsiku limene anamufunsira mbeta, ndipo chatsala cha malemuyo ndi chitenje chimodzi.

Wosewera ndi mmodzi. Ndikumujambula atakhala kumanzere, asinthe malaya, ndimujambulenso kumanja, kenaka ndilumikize mu Premiere, pulogalamu yokonzera makanema. Koma mzere ukuoneka pakati, mbali ina yowala, ina yoderako, ndipo bango la kumbuyo likuduka pamzerepo. Wina akamapatsira mnzake chitenje, dzanja likusowa. Kamera nayo ikumazima ndi kutentha masana.

Mkonzi wa ku Nchalo:
Achimwene, kamera ili pa auto, yodzisinthira yokha, kapena manual, yokhazika nokha? Nanga mbali yoyamba ndi yachiwiri zikutalikirana nthawi yaitali bwanji?

Wojambula wa ku Bangula:
Exposure, kuwala kolowa m'kamera, ndimaikhazika ndekha, white balance, yowongola mitundu, ili pa auto. Wosewera amakasintha m'nyumba, amwe madzi, kamera izizire. Pafupifupi ola limatha.

Mkonzi wa ku Nchalo:
Vuto lagona pamenepo. Malaya akasintha mtundu, white balance ya auto imasinthanso mtundu wa chithunzi chonse. Tsekani zonse pa manual, focus yomwe, ndipo tripod, miyendo ya kamera, muitsindike ndi thumba la mchenga. Munthu asaikhudzenso, ngakhale posintha batire. Ngati kamera yanu imalola, yambitsani ndi foni. Mujambulenso khondelo popanda munthu kwa theka la mphindi, clean plate, musanayambe ndiponso mukamaliza. Imathandiza kuphimba mipata pokonza.

Mask, malire olumikizirapo mbali ziwirizo, musaidule mowongoka pakati penipeni. Itsatire chinthu chimene chili kale m'chithunzi, nsanamira ya khonde kapena mphuthu ya chitseko, muiike feather pang'ono, yofewetsa m'mphepete mwake. Diso silifunafuna mzere pamene pali kale mzere.

Madala a ku Ngabu:
Mwana wanga, zimene wanena mnzakoyu n'zoona, koma dzuwa silitsekedwa pa manual. Pa ola limodzi limasuntha madigiri 15, ndiye mthunzi wa denga umene unali pamphasa poyamba sungaupezenso pomwepo. Ola lija lidule. Malaya achiwiri akhale pambali pomwepo, asinthire kuseri kwa kamera, mbali yachiwiri iyambe pasanathe mphindi zisanu. Jambulani kachigawo kakafupi mbali zonse ziwiri, kenaka kena, osati kumaliza zonse za kumanzere n'kuyamba za kumanja.

Fufuzani khonde loyang'ana kummwera kapena kumpoto, lokhala ndi mthunzi wokwanira, lopanda timadontho ta dzuwa todutsa m'masamba. Bango ndi nzimbe zichotseni kumbuyo kwa mzere. Mphepo ya kuchigwa kuno ikayamba madzulo palibe chimene chimaima. Ngati mufuna panja, thunthu la mlambe ndilo bwenzi lanu, siligwedera.

Za kutenthazo, Okutobala ndi Novembala kuno timapitirira madigiri 40, kamera siingapirire. Ambulera pamwamba, chitseko cha batire chotsegula, sikirini yotambasula, ndipo kukula kwa chithunzi mutsike ku 1080. TV siikusowa 4K. Ikhale 25 fps, zithunzi 25 pa sekondi, shutter 1/50 ya sekondi, chifukwa magetsi athu ndi a 50 Hz. Nyale za jenereta zimaphethira, gwiritsani za batire.

Wamaukwati wa ku Chikwawa Boma:
Bwanji osangopeza mapasa, mavuto onsewa n'kutha? Kapena mujambule munthu wina, nkhope muisinthe ndi AI.

Mayi wa zisudzo, Nsanje:
Ayi achimwene, mapasa aipha nkhaniyi. Mapasa aliyense amawadziwa, ndi anthu awiri obadwa tsiku limodzi, aliyense ndi moyo wake. Woonera akangozindikira, adzati mmodzi ndi mwini mkazi, winayo ndi mlamu wakuba, basi. Pano tikufuna munthu mmodzi amene wapezeka pawiri, chipsera chomwecho, kakhalidwe ka pamphasa komweko. Nkhope ya AI imaterereka munthu akatembenuka kapena akalira, ndipo chigawo ichi n'cha misozi.

Ine nkhawa yanga ili pena. Anthu athu akaona munthu ali pawiri, maganizo amathamangira ku ufiti kapena mzukwa, n'kuyamba kufufuza kuti weniweni ndi uti. Mukalola zimenezo, chisoni chonse chathera kwa mmodzi. Onetsani makinawo poyera, zitseko ziwiri zikutseguka nthawi imodzi, onse akutuluka atanyowa mofanana. Pasakhale utsi, pasakhale ng'oma zoopsa, pasakhale amene akujambulidwa mumdima kuposa mnzake.

Kumbukiraninso amene adzaonere. Anthu a ku Makhanga akhala akuwoloka pa Mtayamoyo ndi mabwato kuchokera pamene njanji inaduka mu 1997. Madzi a Januwale 2015 anawaona ndi maso, namondwe Freddy wa Marichi 2023 anamuonanso. Alipo amene sanapeze thupi loti aike m'manda, anangotsala ndi chovala. Chitenje chimenecho kwa iwo si chinthu chosewerera, ndiye pamene chikudutsa pakati pa amuna awiriwa pajambulidwe ndi ulemu, mosathamanga.

Mkonzi wa ku Nchalo:
Mayi anena zoona. Pa nkhani yosiyanitsa awiriwa, sewero la pa TV la ku America la Star Trek: The Next Generation linachita zotere mu 1993, chigawo cha Second Chances. Wosewera Jonathan Frakes anasewera munthu wotchedwa Riker ali pawiri, ndipo woonera ankawasiyanitsa ndi yunifolomu, wina yofiira, wina yachikasu. Nkhope inali yomweyo. Inunso malaya akwana, osawonjezera mawigi.

Za dzanjalo, njira ziwiri. Yoyamba, dulani. Chithunzi chachikulu chithe dzanja lisanafike pamzere, mulowe pafupi pa manja okha, lina la wosewera, lina la munthu wofanana naye khungu ndi zala. Munthu yemweyo mumugwiritsenso pojambula cha kumsana, phewa lake likuoneka pang'ono, nkhope ya wosewera ili patsogolo. Yachiwiri ndi rotoscope, kudula dzanja chithunzi ndi chithunzi. Pa 25 fps, masekondi anayi ndi zithunzi 100, ndipo nsalu imapindika mwakufuna kwake. Laputopu yanu idzalira.

Mayi wa zisudzo, Nsanje:
Ilipo yachitatu, ndipo kwa ine ndiyo yabwino. Asapatsirane m'manja. Amuna awiri amene akulimbirana maliro a mkazi mmodzi sangapatsirane chinthu ngati abale. Apongozi aakazi atuluke nacho, achiyale pamphasa pakati pawo, abwerere m'nyumba osanena kuti n'cha ndani. Wa kumanzere atambasule dzanja, agwire nsonga yake, asiye. Wa kumanja ayang'ane, nayenso agwire nsonga ya mbali yake. Palibe dzanja lodutsa mzere, ndipo woonera waona kuti aliyense akuopa kulanda mnzake chimene akudziwa kuti n'chakenso.

Mkonzi wa ku Nchalo:
Imeneyo itheka. Chitenjecho muchimate pamphasa ndi tepi cha pansi, pakati pake, kuti nsonga ikagwedezeka pakati pasasunthe. Apongozi ajambulidwe pa mbali yoyamba, mask iwatsatire akamalowa, ibwerere pansanamira akatuluka. Mphasa nayo ikhomedwe.

Wa zamawu, Nchalo:
Musaiwale makutu. Mukajambula mbali yoyamba, wina aziwerenga mawu a mnzakeyo ali kunja kwa chithunzi, motsitsa. Kenaka mawu a mbali yoyambayo muwaike pafoni, wosewera awamvere pa kachomvera m'khutu limene kamera siikuliona, aziyankha yekha pa nthawi yake. Mukapanda kutero adzalankhulira pamodzi kapena kusiya mipata yachilendo. Ombani m'manja poyamba pa mbali zonse kuti polumikiza pasavute. Mawu musawasinthe ndi kompyuta, kuti wina akhale wa besi, mukatero mwapanga anthu awiri osiyana. Mujambulenso phokoso la pamalopo lokha, nkhuku, njiwa, njinga zodutsa, muliyale pansi pa chigawo chonse, chifukwa mzere wa m'makutu umamvekanso.

Madala a ku Ngabu:
Ndi maso. Zikani ndodo pamene pakhale mutu wa mnzakeyo, mumangepo kansalu pa msinkhu wa maso, kenaka muichotse ndi mask. Akayang'ana m'mwamba pang'ono pokha, anthu adzaona kuti akulankhula ndi mphepo.

Wojambula wa ku Bangula:
Zikomo nonse. Tabwerezanso m'mawa uno pakhonde lina loyang'ana kummwera, kumbuyo kuli khoma la njerwa. Mask yatsata nsanamira, mzere sukuoneka ngakhale pa TV yaikulu. Njira ya mayi ya chitenje ndiyo tatenga. Amayi amene akusewera apongozi anapempha kuti asanalowe m'nyumba aime kaye pakhomo, awayang'ane onse awiri, ndipo tasunga zimenezo. Chatsala ndi mthunzi wa wa kumanja, ukuduka pamphasa pamene akuwerama.

Mkonzi wa ku Nchalo:
Pangani mask yachiwiri ya mthunziwo pawokha, feather yaikulu, muiike pa darken, yosunga zoderako zokha, pamwamba pa mbali ya kumanzere. Ikakanika, tumizani mbali zonse ziwiri ndi clean plate pa Drive, ndiziona usiku uno ndikaweruka.