Ndisiye za sikelo ku esiteti ndigule njinga yamoto ya kabaza?

Kalaliki wa Sikelo: Moni nonse. Pali nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Ndagwira ntchito zaka 9 pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje, ndimayeza masamba pa sikelo. Mukudziwa mmene zimakhalira: mvula ikagwa, Disembala mpaka Epulo, timaweruka kutada. Ikangofika Juni tiyi wasiya kuphukira, ena amauzidwa kuti akapume kaye, otsalafe n'kumangoyembekezera kuti lotsatira ndi dzina la ndani. Ndatopa nazo. Mwezi wamawa tikugawana ku banki m'khonde, ndagulitsa nkhumba ziwiri, kuphatikiza kangachepe komwe ndingalandire posiya ntchito, zonse zikwana ngati K3 miliyoni. Ndikufuna kugula njinga yamoto, Lifo kapena King Lion, ndiziima pa Chitakale. Kodi masiku ano ikubweza ndalama? Ndigule yatsopano kapena yoyendapo kale? Amene muli m'geni imeneyi ndiuzeni zoona.

Bigi wa pa Limbuli: Gulani mawa lomwe. Ine ndinayamba ndi imodzi mu 2019, lero zilipo zinayi. Anyamata anga amabweretsa K15,000 aliyense dzuwa likamalowa, ine ndili khale pakhonde. Nyumba yamalata mukuiona mukamapita ku Muloza ija yamangidwa ndi kabaza. Wolembedwa ntchito salemera, achimwene.

Nanazi Wokoma: Zinayi? Sabata yatha munati zitatu.

Bigi wa pa Limbuli: Yachinayi ili kwa makaniko.

Nanazi Wokoma: Chiyambire Isitala ili kwa makaniko imeneyo.

Wolumidwa ndi Dobadoba: Ine musandiyambe nkhani ya njinga, mtima umandiwawa mpaka lero. Ndinasiya uphunzitsi pa sukulu ina yoyima payokha chifukwa malipiro ankabwera mwini wake akakumbukira. Munthu wina yemwe tinkapemphera naye anati, m'bale, bwanji ukagule ku Milange, kumeneko n'zotchipa, mapepala ndikukonzera ndekha. Ndinasintha makwacha kukhala metikasi pa Muloza pomwe, osintha aja anandidya kale pamenepo. Njinga inabwera, yofiira, yonyezimira, mpando ukadali m'pulasitiki. Ndinayenda nayo milungu 6 yokha. Tsiku lina apolisi pamsewu atayang'ana, nambala ya pa injini ndi ya pa pepala sizikugwirizana, ya pa injiniyo anachita kupala n'kudindanso. Msonkho wake sunalipidwe. Njinga inatsala komweko. M'bale wanga uja foni yake mpaka lero imangoti nambala yomwe mwaimba siikupezeka. Ngongole ya katapila ndinabweza chaka chathunthu, njinga ndilibe. Ndipo munthuyo ankatsogolera nyimbo m'tchalitchi!

Kalaliki wa Sikelo: Pepani kwambiri achimwene. Koma ikanakhala ya mapepala abwino, ndalama inkapezeka?

Wolumidwa ndi Dobadoba: Ankatsogolera nyimbo, ndikukuuzani. Ndi tayi.

Mayi a Kaunjika: Inu bambo, K3 miliyoni yonseyo kukaika pa chitsulo chimodzi choti chitha kugwera mu Likhubula tsiku limodzi? Tengani theka lake mukadule belo la kaunjika ku Limbe, la ana kapena la majuzi, poti kuno kumazizira. Yendani misika: Limbuli, Nkando, Chonde, Luchenza. Belo silifuna petulo, silifuna layisensi, silithyola mwendo. Ine ndinali wothyola tiyi, dengu kumsana zaka 7, lero ana anga awiri ali ku sekondale.

Mfana wa Siteji: Belo silithyola mwendo koma mukalitsegula n'kupeza muli zovala zosambirira zokhazokha, mtima ndiwo umathyoka.

Mayi a Kaunjika: Iwe mwana, zimenezo zinachitika kamodzi.

Mfana wa Siteji: Akulu a Sikelo, mverani ine amene ndimakwera njingayo, osati abwana a pakhonde. Ndili pa Chitakale chaka chachitatu. Pamene ndinkayamba tinalipo owerengeka, pano ukafika m'mawa ngakhale poimika pamasowa. Aliyense wochotsedwa ntchito, aliyense wogulitsa nandolo, akugula njinga. Minibasi ikaima timathamangira munthu mmodzi anthu 10. Tsiku labwino, monga la msika kapena esiteti italipira, ndimapeza mwina K30,000. Chotsanipo petulo, chotsanipo tageti ya abwana, chotsanipo nsima ya masana ndi ndalama ya siteji, ndimafika kunyumba ndi K6,000 kapena K7,000. Tsiku la mvula ya chiperoni anthu satuluka, tageti ndimachita kukongola. Inuyo poti njinga idzakhala yanu, ya tagetiyo idzatsala m'thumba mwanu, pamenepo ndiye pali phindu. Koma mukapatsa mnyamata, iwalani. Ndikunena ine mnyamatayo.

Bigi wa pa Limbuli: Ndi ulesi umenewo. Anga amapeza K50,000.

Mfana wa Siteji: Mmodzi mwa anyamata anuwo ndi msuweni wanga, bwana. Tisapitirire.

Mwana wa Thekerani: Mtengo wake mwafunsa koma? K3 miliyoni simupeza yatsopano. Ine ndinafunsa ku Limbe mwezi watha anandiuza K3.8 miliyoni, osawerengera kulembetsa.

Bigi wa pa Limbuli: Bodza. K2.6 miliyoni ndikupezerani.

Wolumidwa ndi Dobadoba: Mwamva? "Ndikupezerani." Ndi mawu omwewo ndendende.

Aphiri a ku Bvumbwe: Ine yanga ndinagula K750,000.

Mwana wa Thekerani: Liti madala?

Aphiri a ku Bvumbwe: 2020.

Mwana wa Thekerani: Ndiye mukutiuziranji? Kuchokera apo kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Njinga, matayala, tcheni, zonse zimachokera kunja, ndipo amwenye a mashopu amawerengera dola ya pamsewu osati ya kubanki. K750,000 yanuyo lero mugula mawilo ndi galasi.

Makaniko wa pa Luchenza: Ndiyankheko za yatsopano kapena yakale, poti palibe wayankha. Njinga ya kabaza yoyendapo kale musaikhulupirire ndi penti. Mwini wake sagulitsa ikamubweretsera ndalama, amagulitsa ikayamba kumwa oyilo. Mukapita kukaona, pitani m'mamawa injini isanatenthe, muilize nokha. Ikatulutsa utsi wobiriwira ngati wa mbaula yonyowa, maling'i atha, mukatsegula injini posachedwa. Gwedezani gudumu lakumbuyo, yang'anani mano a sipuloketi ngati asongoka, yang'anani pansi pa felemu ngati anawotchererapo, chifukwa njinga za kuno zimanyamula matumba atatu a chimanga ndi mwini chimangayo pamwamba. Kenako nambala ya injini ndi ya felemu muiwerenge ndi maso anu, ifanane ndi ya pa pepala. Yatsopano nayo ili ndi zake: oyilo woyamba musachedwe kumuchotsa, ndipo pa kabaza oyilo amasinthidwa pafupipafupi, osadikira kuti ade ngati phula. Anyamata ambiri amapha njinga ndi oyilo wa m'mabotolo a pamsika. Misewu ya m'tiyi ndi yokwera mapiri nthawi ya dzinja imadya mabuleki ndi tcheni koopsa. Muzipatula ndalama ya zokonzera tsiku lililonse musanagule ndiwo. Amene sachita zimenezi ndi amene amandisiyira njinga pano miyezi itatu.

Nanazi Wokoma: Monga ya a Bigi.

Makaniko wa pa Luchenza: Za makasitomala sindinena.

Namwino wa Usiku: Ine sindidziwa mitengo ya njinga. Ndimangodziwa kuti Loweruka lililonse usiku timalandira a kabaza ndi okwera awo, miyendo yothyoka, mitu yong'ambika, ena timawatumiza ku Queens. Ambiri alibe chisoti, alibe layisensi, alibe inshuwalansi, ndiye wokwera akavulala abale ake amakalanda njinga yomweyo. Ngati mugule, ndalama ya zisoti ziwiri, layisensi ndi inshuwalansi muiwerengere limodzi ndi mtengo wa njinga.

Mfana wa Siteji: Asisi, chisoti chachiwiri ndili nacho. Azimayi amakana, amati chiwononga mesh.

Gogo wa ku Thyolo: Ana inu, ine ndaona zambiri. Kuno ku Thyolo tinkati nthochi ndiye ndalama, malole ankadzaza kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kunabwera matenda a chisaka, tinazula minda yonse ndi manja athu. Kenako aliyense anati nandolo, nandolo. Mu 2017 a ku India atachepetsa kugula, tinatsala ndi matumba m'nyumba akufumbwa. Pano mukuti njinga. Chilichonse chomwe mudzi wonse wathamangira chimatha chonchi. Tiyi yekha ndi amene ndinamupeza ndipo ndidzamusiya. Mwana wanga, malipiro ochepa obwera mwezi ndi mwezi usamawanyoze.

Bigi wa pa Limbuli: Agogo, ndi maganizo amenewa amene anatisaukitsa. Makolo athu anathyola tiyi, ife tithyole tiyi, ana athu adzathyolenso tiyi?

Gogo wa ku Thyolo: Bola kuthyola tiyi kusiyana ndi kuthyola msana.

Mwana wa Thekerani: Palibe wanena za petulo. Nthawi ija pa pampu ankati K2,530 koma osapezeka, ife kuno tinkagula K7,000 lita ya m'chigubu, ina yothira palafini. Ukakweza mtengo wokwerera anthu amayenda pansi.

Mfana wa Siteji: Ku Mulanje tinkapulumukira wa ku Mozambique. K5,000.

Mwana wa Thekerani: K5,000 kuti? Ndinagula K8,000 pa Limbuli pomwepo.

Mfana wa Siteji: Anakuonani nkhope yachilendo.

Wonyamula Katundu ku Phiri: Bwanji osabwera kuphiri kuno? Inu kalaliki, Chingelezi mumachitha. Olondolera alendo pa Likhubula mpamba wawo ndi nsapato zolimba ndi mapapo basi. Chaka cha 2025 a UNESCO analemba phiri la Mulanje m'gulu la malo ofunika a dziko lonse, alendo tikuyembekeza kuti achuluka. Kukafika pa Sapitwa ndi mamita 3,002, mukakwera kawiri mimbayo iphwa.

Nanazi Wokoma: Munthu wakhala pa mpando zaka 9 mukufuna akafere pa Chambe?

Telala wa pa Chonde: Makina osokera. Mukaphunzire kwa telala kapena ku sukulu za TEVETA miyezi ingapo, mugule makina opalasa ndi phazi, magetsi akazima inu mukusoka. Mayunifolomu mu Seputembala, nsalu za Mulhako mu Okotobala, madiresi a Khirisimasi, zikwati chaka chonse. Ndalama yotsala mugule mbuzi.

Bigi wa pa Limbuli: Tsiku la Mulhako pa Chonde njinga imodzi imapanga ndalama yomwe inu mumasokera mwezi.

Telala wa pa Chonde: Mulhako ndi tsiku limodzi pa chaka, bwana.

Kalaliki wa Sikelo: Zikomo nonse, koma mutu wazungulira kuposa poyamba. A Makaniko, ndikapeza yoyendapo ya K1.8 miliyoni mungandiperekeze kukaiona? Ndikuganiza kuti ndiyambe kaye Loweruka ndi Lamlungu ndisanasiye ntchito, ndione mmene zikhalire.

Makaniko wa pa Luchenza: Ndikuperekezani. Thiransipoti ndi fanta ndi zanu.

Alamu Anu: Alamu, ndangoona pano. Awuzeni anthuwa zoona kaye. Njinga yamoto mumatha kuyendetsa? Pa chinkhoswe cha Chisitu paja munabwereka ya mnyamata uja, munathera m'tiyi miyendo m'mwamba, tinakuzulani anthu atatu. Komanso nkhumba ziwiri mukuti mwagulitsazo, imodzi ndi ya achemwali anga. Akudziwa?

Kalaliki wa Sikelo: Alamu, za pakhomo sitiyanika pagulu. Ndikuimbirani.

Alamu Anu: Musaimbire ine, imbirani eni nkhumba.

Mfana wa Siteji: Kkkkk akulu, ndiye mufuna mnyamata woyendetsa. Ine ndilipo. Tageti K8,000.

Kalaliki wa Sikelo: Si iwe unati ndikapatsa mnyamata ndiiwale?

Mfana wa Siteji: Ndimanena anyamata ena.

Wolumidwa ndi Dobadoba: Aliyense wodziwa komwe akukhala munthu wamtali, wa mpata m'mano, woimba bezi, anditumizire uthenga kumbali.

Mayi a Kaunjika: Belo la majuzi lafika Lachiwiri. Amene akufuna tigawane theka anene msanga.

Wa MSCE Wosowa Chochita: Pepani akuluakulu, ine funso langa ndi lina. A Kalaliki, mukasiya, malo anuwo a pa sikelo adzalowapo ndani? Ndili ndi MSCE ya mapointi 24, ndakhala pakhomo zaka zitatu, njinga yakapalasa ya kabaza yanditupitsa mawondo. Kalata ndikapereke kwa kapitawo kapena ku ofesi?

Kalaliki wa Sikelo: Sindinasiye, mphwanga.

Wa MSCE Wosowa Chochita: Chabwino. Mukasiya mundiuze ine poyamba.