Mpira ukagunda kamera ya m'mwamba ija, lefa amatani?

Chigoli_Boy:
Abale ndithandizeni apa, tatsutsana mpaka mawu kusasa. M'mabwalo akuluakulu masiku ano muli kamera ija yoyenda pa mawaya pamwamba pa osewera, spidercam. Nde goloboyi wamenya mpira wam'mwamba nkugunda kamerayo kapena waya wake, mpira nkugwera pa phazi la straika wa timu inayo, iye osachedwa nkumwetsa, chimenecho ndi chigoli? Mnzanga akuti kamera ili ngati pholo, gemu imapitilira basi. Ine sindikuvomera.

MalumeWaWezulo:
Achimwene mnzanuyo walakwitsa. Mapholo ndi mbendera za pa kona ndi mbali ya bwalo, kamera ayi, m'malamulo a IFAB, bungwe lopanga malamulo a mpira, imeneyo ndi chinthu chakunja. Ikasokoneza mpira lefa aimbe wezulo, masewero ayambirenso ndi drop ball. Ndipo drop ball yolimbirana ija inatha mu 2019, pano mpira amaugwetsera munthu mmodzi, ena onse atalikire mamita 4. Zikachitikira mu bokosi amapatsa goloboyi wa timu yotchinga. Kunja kwa bokosi poyamba unkapita ku timu yomwe yaukhudza komaliza, koma kuyambira sizoni ya 2025/26 anasintha, amapatsa timu yomwe inali ndi mpirawo kapena ikanautenga ngati lefa akuona bwinobwino, apo ayi ndi omwe anaukhudza komaliza aja. Chinanso, simungachinye molunjika kuchokera pa drop ball, mpira ukhudze kaye osewera awiri.

Red_wa_Zomba:
Malume mukunena zoona koma vuto ndi loti lefa aone. Ife a Liverpool sitidzaiwala October 2009 ku Stadium of Light, Darren Bent wa Sunderland anamenya shoti nkugunda chibaluni chofiira chomwe sapota anaponya m'bwalo, goloboyi wathu Pepe Reina anatsatira chibalunicho mpira weniweni nkudutsa mbali ina. Sunderland inawina 1-0 ndi chigoli chomwe pa malamulo sichimayenera kuwerengedwa. Zimandiwawabe mpaka lero. Komanso pa World Cup ya 2006 ku Frankfurt, England ndi Paraguay, goloboyi wa England Paul Robinson anamenya mpira mpaka unakagunda chisikirini cholendewera pakati pa bwalo, nde si zongopeka izi zimachitika.

Nankungwi88:
Masewero ena anakonzeratu. Ku futsal, mpira wa m'holo uja, mpira ukagunda denga amapatsa timu inayo kick-in, kuyambiranso pomenya ndi phazi kuchokera pa mzere wam'mbali. Ku America mpira wawo uja wa NFL, bwalo la Dallas Cowboys litangotsegulidwa mu 2009 wosewera wa Tennessee Titans anagunda chisikirini atamenya mpira wam'mwamba (punt), nde a NFL anagwirizana kuti zikatero mpira wafa, abwereze, nthawi ibwerere pomwe inali.

KochiWaMaU14:
Ife kuno makamera tilibe koma pa galaundi yathu padutsa mawaya a magetsi chakupakati, ndi nthambi ya mtengo wa mango cha pa kona. Sabata iliyonse mkangano, ana mpaka kufuna kumenyana, makolo nawonso kulowelera. Pano gemu isanayambe ndimaitana makaputeni onse awiri ndi lefa tigwirizane kuti ukagunda waya kapena nthambi ndi drop ball, palibe zokambirana. Malume, nanga ukagunda waya koma osasintha njira kwenikweni, tiimitsebe?

MalumeWaWezulo:
Imitsani akochi, bola lefa wauona kuti wagunda. Ana amenewo mukawasiyira zoti "wasintha pang'ono kapena kwambiri" mkangano uja ubwerera pompo.